Ma antioxidant oteteza ku radiation ndi mpweya wapoizoni, zoona kapena malonda chabe?

Nachisale_A25
Abale ndithandizeni. Pa gulu lathu la amayi pa WhatsApp palowa mayi wina akugulitsa makapisozi a cham'mwamba chosakaniza ndi malambe, kabotolo kamodzi mtengo wake ngati thumba la chimanga, akuti muli ma antioxidant ochuluka moti amateteza ku radiation ya foni, ya X-ray, mpaka akuti asilikali a ku America amamwa zangati zomwezi kuopa mpweya wapoizoni kunkhondo. Ine poyamba ndinaseka, koma mwana wanga wandionetsa pa intaneti kuti zoonadi boma la America lakhala likuthira ndalama pofufuza mankhwala a antioxidant a radiation ndi mpweya wapoizoni wotchedwa mustard gas. Ndiye mayiyu akunena zoona? Ndikufunsa chifukwa alamu anga ayamba kuwotchedwa khansa ya pakhosi mwezi wamawa ndipo kubanja anthu akuti tisonkhe tiwagulire.

Kamnyamata265
Kkkkk cham'mwamba chomwe chili mpanda kwa agogo chija chafika mpaka ku Pentagon? Chaka chino tilemera basi

NesiWaNight
Achemwali musagule kaye, makamaka chifukwa cha alamu anuwo. Ndili pa ntchito, ndilemba bwino ndikapeza mpata. Koma musagule.

Aphunzitsi_aChem
Mayi Nachisale, mwana wanu sananame, mayi wogulitsayo ndi amene wasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Ndiyambe ndi mmene radiation imavulazira. Thupi lathu gawo lalikulu ndi madzi. X-ray kapena gamma ikadutsa m'thupi imaswa madziwo, pamatuluka tizidutswa tolusa tomwe a sayansi amati ma free radical, koopsa kwambiri ndi ka hydroxyl. Timeneti timaluma chilichonse chili pafupi, DNA, khungu la selo, zonse. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chiwonongeko cha X-ray amadzera njira imeneyi, osati kumenya DNA mwachindunji. Ndiye maganizo oti mankhwala ogwira ma free radical, omwe ndiwo ma antioxidant, angathandize ndi olondola ndithu, sanachokere m'mutu mwa ogulitsa.

Vuto ndi nthawi. Ka hydroxyl kamakhala moyo nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Mankhwala akuyenera akhale ali kale mkati mwa selo, komanso ochuluka kwambiri, pa nthawi yomwe radiation ikudutsa. Masamba omwe mwadya ndi nsima sangafike mlingo umenewo ngakhale mutadya mtengo wonse.

Kamnyamata265
Aphunzitsi mwandiphera bizinesi isanayambe

Ankolo_waJoni
Ine zimenezi ndimazikayika zonse. Kuno ku Joni tinaziona kale, nthawi ya nduna ija Manto Tshabalala-Msimang ankati anthu a HIV adye adyo ndi beetroot, ndiye panali mzungu uja Matthias Rath amagawa mavitamini ku Khayelitsha kuti ndiwo mankhwala a Edzi mpaka khoti linamuletsa mu 2008. Anthu anasiya ma ARV. Ndikangomva mawu oti antioxidant ine ndimagwira chikwama changa.

DrugStore_Limbe
Ankolo kukayika kwanu ndi kwabwino koma musataye zonse pamodzi. Mankhwala enieni a mtundu umenewu alipo, dzina lake amifostine. Asilikali a America ndi amene anawapanga ku malo awo ofufuzira za mankhwala a Walter Reed, pulogalamu inayamba cha mu 1959 nthawi yomwe ankaopana ndi Soviet Union kuti aponyerana mabomba a nyukiliya. Anayesa mankhwala opitirira 4,000, omwe anapambana anawapatsa nambala WR-2721. Koma taonani zomwe zinachitika, kwa msilikali sanathandize. Uyenera kulandira pasadakhale, mphindi zochepa radiation isanakupeze, ndipo amatsitsa BP, munthu amasanza, chizungulire. Msilikali wakusanza angagwire mfuti? Komanso bomba silikuuza kuti ndikubwera 10 koloko. Mapeto ake anakathera ku chipatala cha khansa, FDA, bungwe la boma la America lovomereza mankhwala, inawavomereza mu 1995 oteteza impso kwa olandira mankhwala a khansa otchedwa cisplatin, kenako mu 1999 ochepetsa kuuma kukamwa kwa omwe akuwotchedwa khansa ya kumutu ndi pakhosi. Amaperekedwa ndi madokotala kudzera mu mtsempha, si zogula pa WhatsApp.

Ankolo_waJoni
Ndiye mwavomereza nokha kuti zaka zonsezo mankhwala 4,000 anapeza amodzi osanzitsa

DrugStore_Limbe
Eya, ndipo zikungoonetsa kuvuta kwa nkhaniyi. Ngati asilikali ndi ndalama zawo zonse anavutika chonchi, mayi wa makapisozi wazitha bwanji?

NesiWaNight
Ndabwera. Achemwali mvetserani apa. Makina owotcha khansa amapha chotupa pogwiritsa ntchito ma free radical omwe aphunzitsi afotokozawo. Ndiye mukamwetsa wodwala ma antioxidant ochuluka nthawi ya treatment mukhoza kukhala mukuteteza khansayo. Si nkhani yongoganiza. Ku Canada anayesa vitamin E wochuluka kwa odwala khansa ya kumutu ndi pakhosi omwe amawotchedwa, zotsatira zinatuluka mu 2005, omwe amamwa vitaminiyo khansa inawabwerera kwambiri kuposa omwe samamwa. Ndipo ku Finland kafukufuku wa amuna osuta fodya opitirira 29,000 anapeza mu 1994 kuti omwe amamwa mapiritsi a beta carotene anadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo ndi 18 pa 100 aliyonse. Iwo ankayembekezera kuti iwateteza.

Sindikunena kuti alamu asadye ndiwo zamasamba kapena asamwe juwisi wa malambe, ayi, chakudya adye ndipo adzafunika mphamvu kwambiri. Koma mapiritsi, makapisozi, ufa wa m'mabotolo, mankhwala azitsamba, chilichonse atenge akawaonetse adokotala awo asanameze.

Nachisale_A25
Mayo ine. Ndiye tikanawapweteka ndi ndalama zathu zomwe. Zikomo anesi

Gogo_waData
Ndifunse nawo ana anga. Nanga za foni zija? Mdzukulu wanga amagona nayo pamutu

Aphunzitsi_aChem
Agogo, mafunde a foni ndi a gulu la wailesi, alibe mphamvu yoswa madzi kapena DNA ngati X-ray. Chomwe foni ikumulanda mdzukulu wanu ndi tulo.

MwanaWaKaronga
Inu mukukamba za America, ife kwathu tili ndi mgodi wa uranium ku Kayelekera, unatsegulidwa 2009 kenako unaima 2014, n'kuyambiranso 2025. Anthu ogwira ntchito mmenemo sangamwe mankhwala amenewa tsiku lililonse?

Aphunzitsi_aChem
Achimwene a ku Karonga, imeneyo ndi nkhani ina. Mankhwala tikukamba pano ndi a munthu yemwe walandira radiation yochuluka nthawi imodzi, ngati ozimitsa moto pa ngozi ya fakitale ya magetsi a nyukiliya ku Chernobyl mu 1986, komwe anthu 134 anadwala matenda a radiation ndipo 28 anamwalira m'miyezi yoyambirira. Mu mgodi wa uranium choopsa ndi fumbi ndi mpweya wa radon pang'onopang'ono kwa zaka. Chitetezo chake ndi kuthira madzi kuti fumbi lisauluke, mamasiki, mpweya uziyenda bwino, kusamba ndi kusintha zovala poweruka, ndi kabaji koyeza mlingo womwe munthu walandira. Palibe piritsi lolowa m'malo mwa zimenezo.

MwanaWaKaronga
Chabwino. Koma nkhani ya madzi a mu mgodi otsikira ku nyanja tidzaikambe tsiku lina, ineyo sindinakhutire

Admin_Che
Mutsegule thread yake achimwene, pano tisasokoneze funso la mayi Nachisale

Mzamba_Leeds
Moni nonse. Kuno ku Ulaya nkhondo ya Ukraine itayamba mu 2022 anthu anathamangira mapiritsi a iodine, ku Finland mpaka anatha m'ma pharmacy. Anzanga ena kuntchito ankaganiza kuti ukamwa ndiye radiation siikukhudza. Kodi amenewo ndi antioxidant nawonso?

DrugStore_Limbe
Ayi asisi. Potassium iodide amangodzaza chithokomiro ndi iodine wabwino kuti iodine wa radiation asapeze malo. Amateteza chiwalo chimodzi chokhacho, ndipo ku mtundu umodzi wokha wa poizoni. Ku Chernobyl ana masauzande anadzadwala khansa ya chithokomiro chifukwa chomwa mkaka wa ng'ombe zomwe zinadya udzu woipitsidwa, pamenepo ndi pomwe akanathandiza. Palinso Prussian blue, utoto wabuluu weniweni, umagwira caesium, chitsulo chotulutsa radiation, m'matumbo kuti atuluke ndi chimbudzi. Anaugwiritsa ntchito ku Goiânia ku Brazil mu 1987, pomwe anyamata otola zitsulo anatenga makina akale owotchera khansa pa chipatala chosiyidwa n'kuwaphwanya, anapezamo ufa wa caesium wowala buluu usiku, anthu n'kumagawana, ena kudzola. Anamwalira anthu 4 kuphatikizapo kamtsikana ka zaka 6, ndipo anayeza anthu opitirira 100,000. Ndiye pali a gulu lachitatu, monga filgrastim, omwe amadzutsa mafuta a m'mafupa kuti apange maselo oyera a magazi, FDA inawavomereza pa matenda a radiation mu 2015. Onsewa palibe wa antioxidant ngakhale mmodzi.

Kamnyamata265
Nkhani ya ku Brazil yandiopsa, anyamata a zitsulo zakutha kwathu kuno amaphwanya chilichonse

Ankolo_waJoni
Ndiye ngati onse ogwira ntchito si antioxidant, ndalama zomwe mwana wa achemwali waona zikupita kuti?

Aphunzitsi_aChem
Funso labwino ankolo, ndipo apa ndi pomwe pali nkhani yeniyeni. Mukudziwa moto wa m'tchire ukadutsa timati wazima, koma chitsa chimakhala chikunyeka pansipansi masiku angapo. Thupi limatero. Radiation yadutsa mu sekondi imodzi, koma maselo ovulala aja amapitiriza kutulutsa free radical ina yotchedwa superoxide, chitetezo cha m'thupi nacho chimabwera ndi ukali n'kuwonjezera moto womwewo, kwa masabata ndi miyezi. N'chifukwa chake munthu akhoza kupulumuka vuto la magazi mwezi woyamba, kenako pakatha miyezi iwiri, itatu kapena kuposa mapapo ayamba kutupa, pambuyo pake n'kuuma ngati chikumba. Filgrastim sathandiza mapapo. Ofufuza akufuna mankhwala oti umubaye munthu tsiku limodzi ngozi itachitika kale, azimitse chitsa chija.

Thupi lili ndi chozimitsira chake, enzyme yotchedwa superoxide dismutase, anaitulukira McCord ndi Fridovich ku Duke University mu 1969. Kusiyana kwake ndi vitamin C ndi kotere: vitamini ali ngati ndowa imodzi ya madzi, ukathira yatha. Enzyme ili ngati mjigo, imagwira free radical, kuisintha, n'kubwerera kukagwira ina, osatha. Koma enzyme yeniyeniyo ndi yaikulu, siilowa bwino m'maselo ndipo imachoka msanga m'magazi. Ndiye anthu anapanga timankhwala tating'ono tokhala ndi manganese pakati totsanzira ntchito yake. Kamodzi kodziwika ndi AEOL 10150, komwe kanachokera ku kafukufuku wa ku Duke komweko, ndipo a National Jewish Health ku Denver anakayesa kwambiri pa mapapo. Mu 2011 bungwe la boma la America la BARDA linasainirana ndi kampani ya Aeolus mgwirizano wofika madola 118 miliyoni kuti akapititse patsogolo. Pa mbewa ndi anyani omwe anawotchedwa pachifuwa, olandira mankhwala patatha maola 24 anapulumuka ambiri kuposa osalandira. Koma mpaka lero sanavomerezedwe kuti azipatsidwa anthu.

Kamnyamata265
Madola 118 miliyoni kuchiza mbewa. Kwathu ku Dedza mbewa timangoziika pa mpani kkkk

Mzamba_Leeds
Kkkk iwe. Koma zoona, bwanji amangoyesa pa nyama?

NesiWaNight
Asisi mungaitane anthu 200 kuti bwerani tikupopereni mustard gas theka tikupatseni mankhwala theka ayi? Sizingatheke. N'chifukwa chake mu 2002 FDA inakhazikitsa lamulo lomwe amati Animal Rule, loti pa zinthu ngati zimenezi umboni woti mankhwala amagwira ntchito ukhoza kuchokera ku nyama, kwa anthu athanzi amangoyesa ngati sakuvulaza. Oyamba kudutsa njira imeneyi anali pyridostigmine mu 2003, a msilikali yemwe akuopa mpweya wapoizoni wotchedwa soman. Koma njirayi si yachidule monga imamvekera, uyenera kuonetsa kuti nyamayo ikudwala mofanana ndi munthu, ndiye kuwerengera mlingo wa munthu kuchokera kwa nyani.

DrugStore_Limbe
Ndiwonjezere pa za aphunzitsi. Panali kena ka manganese, avasopasem ka kampani ya Galera, kameneka anakayesa pa anthu enieni odwala khansa ya kumutu ndi pakhosi kuti kachepetse zilonda za m'kamwa zobwera ndi kuwotchedwa. Anthu amayembekezera kwambiri, koma mu 2023 FDA inati umboni sunakwane, pakufunika kafukufuku wina. Ndiye njira ndi yaitali.

Bambo_aTwins
Ine ndawerenga zonse koma sindikumvabe kuti radiation ndi mpweya wapoizoni zikugwirizana pati. Zinthu ziwiri zosiyana mankhwala amodzi? Zikumveka ngati asing'anga a pa depoti, botolo limodzi likuchiza mutu, chinzonono ndi mwayi wa ntchito

Aphunzitsi_aChem
Kkkk bambo a mapasa mwanena bwino, ndipo kukayika kumeneko ofufuza ena ali nako. Kugwirizana kwake ndi chitsa chija. Mustard ikagwa pakhungu kapena kulowa m'mapapo imamata ku DNA m'mphindi zochepa, koma munthu samva kanthu, matuza ndi kutupa maso zimabwera patadutsa maola angapo. Imamalizanso glutathione, yemwe ndi antioxidant wamkulu wa m'maselo, ndiye selo imatsala yopanda chitetezo. Chlorine, mpweya wina wapoizoni, ikakumana ndi chinyezi cha m'mapapo imapanga asidi ndi zinthu zowotcha za gulu lomwelo. Poyambira ndi posiyana, koma moto wotsatira ndi wofanana. Mankhwalawa sachotsa poizoni, amangofuna kuchepetsa chiwonongeko chobwera pambuyo.

Ndipo mustard mpaka lero ilibe mankhwala ake enieni ngakhale inayamba kugwiritsidwa ntchito pa nkhondo ku Ypres ku Belgium mu 1917. Ku Iran kuli anthu masauzande omwe anapoperedwa ndi Iraq pa nkhondo ya 1980 mpaka 1988, monga ku Sardasht mu 1987, ndipo akukhosomolabe ndi kubanika mpaka pano. Madokotala a ku Tehran anayesa kuwapatsa N-acetylcysteine, yemwe amathandiza thupi kupanga glutathione, ena anapezako bwino pa chifuwa ndi kupuma koma mapapo sabwerera mwakale.

NesiWaNight
N-acetylcysteine ameneyo ndi yemwe amaperekedwa munthu akamwa Panado wopitirira muyezo, kuti chiwindi chisawonongeke. Pamenepo amagwiradi ntchito bola afike msanga. Ndiye ankolo a ku Joni onani, antioxidant weniweni wopulumutsa moyo alipo, kungoti ali ndi ntchito yake, mlingo wake ndi nthawi yake.

Ankolo_waJoni
Pamenepo ndavomera anesi. Koma ndikufunsabe, ife zikutikhudza bwanji? Ndani angaponye mustard gas ku Ntcheu? Izi ndi za azungu ndi nkhondo zawo, mankhwala akapezeka adzawatsekera m'nkhokwe zawo

MwanaWaKaronga
Ankolo musaiwale kuti Italy inapopera mustard anthu a ku Ethiopia mu 1935 ndi 1936. Mu Africa muno momwe

Mzamba_Leeds
Komanso chlorine sachita kufuna nkhondo. Ku doko la Aqaba ku Jordan mu 2022 thanki inaduka pa kireni n'kugwa, anthu 13 anafa. Ku Graniteville ku America mu 2005 sitima zinagundana, anafa 9. Chlorine amayenda m'misewu kupita kokatsukira madzi akumwa kulikonse. Ngakhale m'nyumba, wina akasakaniza Jik ndi mankhwala a asidi otsukira toilet amatuluka mpweya womwewo, ndinaonapo mtsikana wogwira ntchito m'nyumba atabanika chonchi

NesiWaNight
Ndipo za mpweya wapoizoni wa sarin zomwe mumamva ku Tokyo 1995 kapena Ghouta ku Syria 2013, ife timaona abale ake mu wodi. Mankhwala ambiri ophera tizilombo m'munda ndi m'nkhokwe ndi a banja la organophosphate, limodzi ndi sarin, kungoti ndi ofooka. Tameki uja anthu amaphera makoswe amatseka enzyme ya m'mitsempha yomwe sarin amatseka. Mwana akadya mwangozi amabwera thovu kukamwa, thukuta, timaso tating'ono ngati nsonga ya singano, chifuwa chodzaza madzi. Timabaya atropine, yemweyo amene msilikali amanyamula mthumba. Pamenepo antioxidant sangalowe m'malo mwa atropine ngakhale pang'ono. Chomwe ofufuza akuyang'ana ndi ubongo wa munthu yemwe wapulumuka atakomoka ndi kugwedezeka nthawi yaitali, ngati ungatetezedwe pambuyo pake. Zimenezo zikadzatheka ife tidzapindula kuposa asilikali, odwala otere ndi ambiri kuno.

Ankolo_waJoni
Zikadzatheka, ndipo zikadzafika pa mtengo woti boma lathu ligule. Atropine yemweyo nthawi zina amasowa

DrugStore_Limbe
Apo sinditsutsa

Bambo_aTwins
Chomwe chandidabwitsa ine ndinamva kuti chemo inachokera ku mustard gas yemweyo, zoona?

Aphunzitsi_aChem
Zoona. Madokotala anaona kuti opoperedwa mustard maselo oyera a magazi amatsika kwambiri. Goodman ndi Gilman ku Yale anayesa m'bale wake, nitrogen mustard, pa wodwala khansa ya lymphoma mu 1942, chotupa chinaphwa kwa kanthawi. Cyclophosphamide, mankhwala a chemo omwe ali m'zipatala zathu, ndi mdzukulu wa zimenezo.

Gogo_waData
Ana inu mwaphunzira. Ine ndingofunsa chimodzi, zitachitika pafupi, thanki yaphulika kapena chiyani, munthu wamba achite chiyani poti mankhwala mukuti kulibe?

NesiWaNight
Agogo thawani molowera komwe mphepo ikuchokera, ndipo pitani kumtunda chifukwa chlorine ndi wolemera amatsikira kuzidikha. Vulani zovala zakunja, osazivulira kumutu ngati n'kotheka, zing'ambeni, kuvula kokhako kumachotsa gawo lalikulu la zomwe zakugwerani. Sambani ndi sopo ndi madzi ambiri osakhula mwamphamvu, maso tsukani ndi madzi oyera nthawi yaitali. Kenako kuchipatala ngakhale mukumva bwino, chifukwa zina zimayamba mochedwa. Mkaka ndi makala osinja zomwe anthu amathamangira sizithandiza mapapo.

Nachisale_A25
Abale ndabwera ndi lipoti. Ndinamufunsa mayi uja pa gulu kuti makapisozi akewa anayesedwa kuti ndipo ndani anawavomereza. Wandiyankha kuti zachilengedwe sizifuna kuyesedwa, kenako wandilembera ku inbox kuti andichotsera mtengo ndikagula mabotolo atatu. Ndalama zomwe tinasonkha tagwirizana kuti zikhale za transport ndi chakudya cha owadikirira.

Kamnyamata265
Discount pa mabotolo atatu kkkk mayi ameneyo sagonja

Nachisale_A25
Anesi funso lomaliza, mwati kukamwa kumauma ndi zilonda. Tiziwaphikira chiyani akayamba?

NesiWaNight
Zofewa ndi zonyowa achemwali. Phala la mgaiwa kapena likuni lothira nsinjiro ndi mkaka, mazira, nthochi yakupsa, mapeyala, mbatata yopota, nsima yofewa ndi therere imatsetsereka bwino pakhosi. Tsabola, mandimu, zotentha kwambiri, mowa ndi fodya ayi. Azitsuka mkamwa kangapo patsiku ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono ndi soda, ndipo aziyenda ndi botolo la madzi. Muwauzenso akaonetse mano asanayambe, dzino lobooka ndi bwino kulichotsa pano, likadzachotsedwa atawotchedwa kale nsagwada imavuta kupola.

Nachisale_A25
Za manozo palibe anatiuza, ndipo ali nalo lina lomwe lakhala likuwavuta chaka chonse. Ndiwaimbira pompano asanagone